Wolemba template anene poyera zimene afuna

Pamene Andrei Alexandrescu anatulutsa buku lake la Modern C++ Design m'chaka cha 2001, anafalitsa pakati pa alembi a mapulogalamu a kompyuta njira yotchedwa policy-based design, ndiyo yakuti m'malo moumba class imodzi yodziwa zonse, mlembi aumbe tizigawo tating'ono totchedwa ma policy, kena kogawa memory, kena koyang'anira zolakwa, ndipo class yaikulu itilandire tonseto ngati ma template parameter ndi kulowa cholowa chake, monga achitira ma mixin. Nzeruyi ndi yokoma ndithu. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Matope ake ndi awa: popeza compiler siyesa template kotheratu kufikira itapatsidwa mitundu yeniyeni, kagawo kamodzi kakasowa function imene tinzake tiyembekezera, cholakwacho chimaonekera m'kati mwenimweni mwa library, kutali ndi mzere umene munthu analemba, ndipo uthenga wake umatsika mizere yambirimbiri ngati mndandanda wa mibadwo m'Malembo, wakuti anabala wakuti, wakutinso anabala wakuti. Wodziwa ntchito sawerenga zonsezo ayi. Amayamba ndi cholakwa choyamba, pakuti zotsatirazo kawirikawiri ndi ana ake, natsata mawu a compiler ya GCC akuti "required from here" kufikira apeze fayilo yake, kenaka nachotsa ma mixin mmodzimmodzi mpaka wopalamulayo atsale poyera.

Zina ndi malamulo a chiyankhulo amene wophunzira ayenera kungowaloweza. Dzina lochokera kwa kholo lodalira template parameter silipezeka popanda this-> kapena kutchula khololo, ndipo mtundu wotengedwa kumeneko ufuna typename. Code yambiri yakale inaleka kudutsa pamene GCC 3.4 inayamba kuumirira malamulowa mu 2004. Pamenepa sindidandaula.

Dandaulo langa lili pa amisiri olemba ma library amene sanena zofunika kwa kagawo kalikonse, nasiya mnzawo azifufuza yekha mumdima. Kale anali nacho chowiringula, pakuti ma concept, ndiyo njira yolembera zofunikazo, amene anayenera kulowa mu C++11, komiti ya ISO inawachotsa pa msonkhano wa ku Frankfurt mu 2009. Komabe static_assert inalowa m'malamulo a 2011 omwewo, ndipo imalola mlembi kulemba uthenga wakewake m'mawu omveka. Ma concept nawonso anafika ndi C++20, kotero kuti compiler ikhoza kukana kagawo kolakwika pakhomo pomwe, ndi kutchula chimene chasowa.

Ena adzati kulemba zofunikazo kumadya nthawi, ndi kuti concept yokhwima mopyola imakana tizigawo tabwino. Chachiwiricho nchoona, ndipo chifuna kusamala. Choyambacho sindichimva, chifukwa mlembi mmodzi amalemba kamodzi pamene ogwiritsa ntchito ambiri amavutika chaka ndi chaka. Inu aphunzitsi a C++, musavomere ntchito ya wophunzira imene ili ndi policy yopanda concept kapena static_assert.