Mawu a Elton John sadathe, adangotsika

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mkangano umene ndidali nawo ndi mdzukulu wanga. Iye adandionetsa pa foni Elton John akuyimba ku Glastonbury mu 2023, n'kumaseka kuti mkuluyu mawu adamuthera. Ine ndikukana.

N'zoona kuti mawu okwera aja a mu "Rocket Man" ya 1972, amene tinkamva pa wailesi tili ana asukulu, kulibenso. Mu Januwale 1987 madokotala ku Sydney adamuchita opaleshoni ya pakhosi, ndipo chiyambire pamenepo mawu ake adatsika, nakhala aakulu ndi olemera. Amene adamumva akuyimba pa maliro a Diana mu 1997 angandichitire umboni.

Chimene ndimamulemekezera n'chakuti sadakakamire zimene khosi lakana. Pamene nyimbo yakwera kwambiri, iye amatsika, kapena kusiyira anzake a m'gulu. Ine ndaphunzitsa kwaya ya sukulu zaka zambiri, ndipo mnyamata akasintha mawu sitimuthamangitsa ayi, timangomusamutsira ku besi. Nanga munthu wa zaka 76 tizimuyembekezera kuyimba ngati wa zaka 25?

Oyenera kuwadzudzula ndi aja amangogwedeza milomo tepi ikuwayimbira, pamene anthu alipira ndalama zawo pakhomo. Kumeneko ndiye kuba, Akonzi.

Mdzukulu wangayo sadayankhe kanthu. Foni yake ndidaikaniza kufikira nditamva "Your Song" yonse.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dedza.