Ngodya ya Namwino: Khobidi Silikumbukira

Mwezi uno tikambeko za masamu a probability, omwe ana athu akulimbana nawo pokonzekera mayeso a GCSE kuno ku Britain. Ife anamwino timakumana nawo masamuwa kuchipatala, pa nkhani ya matenda a sickle cell omwe amagwira kwambiri anthu ochokera ku Africa.

Probability ndi kuwerengera mwayi woti chinthu chichitike. Tikaponya khobidi m'mwamba, mbali zake n'ziwiri, choncho mwayi woti mutu ukhale pamwamba ndi 1/2. Tikaponya makhobidi awiri, timachulukitsa: mwayi woti onse aonetse mutu ndi 1/2 × 1/2 = 1/4.

Magazi athu amatsata lamulo lomweli. Mwana aliyense amatenga kachidutswa ka chibadwa kotchedwa jini, imodzi kwa mayi ina kwa bambo. Yabwinobwino timailemba A, ya sickle cell timailemba S. Munthu wa AS nthawi zambiri sadwala, mwinanso sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Makolo onse awiri akakhala AS, aliyense ali ngati khobidi lija, ndipo mwana angabadwe m'njira zinayi: AA, AS, SA kapena SS. Wodwala ndi wa SS. Choncho pa mimba iliyonse, mwayi woti mwana adwale ndi 1/4, woti angonyamula jiniyo ndi 1/2, ndipo woti asaitenge n'komwe ndi 1/4.

Apa m'pamene ambiri timasokonezeka. Banja likamva kuti "mmodzi mwa anayi", limaganiza kuti popeza woyamba wabadwa wodwala, atatu otsatira apulumuka. Sizili choncho ayi. Khobidi silikumbukira mmene linagwera dzulo, ndipo mimba iliyonse imayambira pa 1/4 yemweyo. Ophunzira, tengani cholembera. Mwayi woti ana anayi onse abadwe osadwala ndi 3/4 × 3/4 × 3/4 × 3/4 = 81/256, pafupifupi 32 pa 100. Woti ana awiri oyamba onse adwale ndi 1/4 × 1/4 = 1/16. Zimenezi zimachitika ndithu, popanda ufiti kapena tsoka la kuchimuna kapena kuchikazi. Mwana wa SS watenga S kwa makolo onse awiri, ndiye tisaloze chala mayi yekha.

Ku England, a NHS amayeza amayi oyembekezera, makamaka mimba isanakwane masabata 10, ndipo mayi akapezeka ndi jiniyo, bambo nayenso amapemphedwa kukayezetsa. Khanda limatengedwa timagazi pachidendene likakwanitsa masiku 5. Azibambo, tisathawe singano chonde. Achinyamata omwe muli pa chibwenzi, funsani kwa GP wanu za kuyezetsa musanamange banja.

Makolo, madzulo ano khalani ndi mwana wanu, muponye makhobidi awiri ka 40, mulembe kuti onse aonetsa mutu kangati. Yankho likhala pafupi ndi 10, koma sikuti likhala 10 ndendende nthawi zonse. Mumufunse chifukwa chake.

Tionana mwezi wamawa.