Motoka Yanga Inayamba Kuimba Muluzu

Ogasiti yafika, mphepo yayamba kutithira fumbi m'maso, ndipo ise a kum'mawa mtima uli kale ku Katete. Kulamba ichitika Chiwelu chothera cha mwezi uno ku Mkaika, ndipo aliyense amene ali na ka Noah olo ka Spacio azaona abululu akuchuluka kupambana mipando. Nanga katundu izankhala kuti? Pamwamba. Ndiye lelo tikambe za nsimbi ziwiri zija zopingasa pa denga la motoka, zimene tikhazikapo kaliya. Ine zinanidyela ndalama, imwe zisakudyeleni.

Chaka chatha ninagula zanga mu tauni, za sekondihandi, nkumanga neka pa nyumba ku Kabwata. Mu Burma Road zonse zinali chabe bwino. Koma pamene ninatsika pa fulayiova ya Munali kuyenda ku Chelstone, sipidi itakwana 60, kunayamba kulila: wuuuu! Nikachepetsa sipidi chaleka, nikaponda chabwela, ndipo mawu akwela monga kwaya ikuyesa nyimbo. Amake mwana ananiyangana: "Bashi Junior, mwaononga chani futi?"

Ninathamangila kwa makanika wina, dzina nisunge. Anamvetsela, nkugwedeza mutu monga dokota: "Bosi, ni bearing iyi." Anachinja bearing, ndalama ya unga wa miyezi iwiri inapita. Pobwelela, pamalo pamodzimodzi: wuuuu!

Ananipulumutsa ni apongozi anga ku Woodlands, mudala amene anayendetsa mathilaki zaka zambiri. Sanatsegule na boneti yomwe. Anayangana pamwamba nkuseka: "Mwana wanga, simunamvepo mawaya a ZESCO akulila na mphepo? Mwamanga waya pa motoka." Anatenga nthambo yoyanikila zovala, nkuizunguliza pa nsimbi yakutsogolo. Tinayesa mu Leopards Hill Road. Zii.

Nkhani yake ni iyi. Mphepo ikagunda chinthu chobulungila olo cha makona anayi, kumbuyo kwake kupangika tukamvuluvulu, kena pamwamba, kena pansi, kusinthana mofulumila. Kusinthana uko ndiye muluzu umene mumvela. Mukaonjeza sipidi, tukamvuluvulu tufulumila, mawu nawo akwela. Katswiri wa sayansi Vincenc Strouhal anafufuza zimenezi mu 1878 pa mawaya olila. Nthambo yozunguliza isokoneza mphepo kuti isachoke pa nsimbi yonse pa nthawi imodzi, ndiye nyimbo ifa. Ni nzelu imodzimodzi na nsimbi yopota imene aika kuzungulila machumuni atali a mafakitale.

Manje musanagule, yanganani denga la motoka yanu. Ina ili na njanji ziwiri zotalika kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo, apo mungomangilila. Ina ili na tumabowo twa mabauti tobisika pansi pa tupulasitiki. Ina ilibe chilichonse, ifunika mapazi ogwila pa felemu ya chitseko, ndipo mapazi aya asiyana motoka na motoka. Za Corolla musakakamize pa Vitz chifukwa chakuti wogulitsa wakuuzani ati "vonse ni vimodzi, bosi."

Pomanga, tsukani denga, chifukwa mchenga ukatsalila pansi pa labala uzadya penti. Pimani na tepi kuti nsimbi ituluke molingana uku na uku, ndipo pakati pa yakutsogolo na yakumbuyo pakhale masentimita 70 olo kupitilila pang'ono. Mangani mabauti mosinthana, pang'ono uku, pang'ono uku, osati kutsiliza mbali imodzi. Ngati nsimbi zanu ni zija zooneka monga phiko la ndeke, mbali yonenepa iyangane kutsogolo, yoonda kumbuyo. Ambiri apindamula, nkudabwa kuti chongo chachoka kuti.

Zikalilabe, yendani motele. Choyamba, onani kumapeto kwa nsimbi. Ngati pali pobooka, mphepo iomba monga mwana akuliza botolo ya Fanta. Tsekani na kachivinikilo. Ichi nikamba maningi kwa imwe amene mupangitsa kaliya kwa owotchelela nsimbi ku Kalingalinga: nchito yao ni yolimba, koma muwauze atseke mapaipi kumapeto. Chachiwiri, ngati nsimbi ili na kamsewu pamwamba kolowetsamo mabauti, bwezanimo labala yake. Chachitatu, sendezani nsimbi yakutsogolo kumbuyo pang'ono, ichoke pamene mphepo ikwelela kuchoka pa windisikilini. Chachinayi, nthambo ya apongozi: yonenepa monga pensulo, kuzunguliza motalikana zala zinayi, nkumanga zolimba kumapeto. Amene muli na thumba la ku Kabulonga, kuli kachibodi kopendeka kamene aika kutsogolo kuti mphepo ilumphe nsimbi. Nchito ni imodzi, kusiyana ni lisiti chabe.

Lamba womangila katundu naye amalila akakhala wowongoka. Mupotoleni kamodzi pamene apita pa mphepo, ndipo mchila wotsala muumange.

Koma chongo sichipha munthu. Chimene chipha ni kulema. Motoka zing'ono zambiri zilola makilo a pakati pa 50 na 75 pa denga. Nambala yeniyeni ili mu buku la motoka yanu, ndipo nsimbi na kaliya ziwelengedwa momwemo. Matumba atatu a unga a 25 kg, mwafika kale. Pobwela mufuna nshaba, nyemba, mbuzi, na nsomba za pa Luangwa Bridge. Ganizani makona na zitunda za Manenekela: katundu ikachuluka pamwamba, motoka ipendama pa kona ndipo mabuleki achedwa kugwila. Zolema ikani mukati, pansi. Pamwamba matilesi na vola vopepuka. Ndipo musadalile malegeni okha. Chikwama chikauluka pa 100, amene ali kumbuyo kwanu naye ali na ana. A RTSA akakuimikani pa katundu yosamanga bwino, osati muyambe ati "bwana tikambe."

Mukanyamuka, imani pa Chongwe mugwedeze nsimbi na manja, mumangenso mabauti na malamba, chifukwa mabampu amamasula. Mukabwelako, chotsani vonse. Nsimbi zopanda katundu zikankhana na mphepo tsiku lililonse, ndipo mafuta ake mulipila ndimwe. Mtengo wamene ERB ilengeza muudziwa kale.

Zanga zili pansi pa bedi, nthambo ya apongozi ikali pomwepo. Amake mwana akali kufunsa kuti azayanika pati zovala. Muyende bwino, mukapeleke moni kumudzi.