Ngalande ikumbidwe dzuwa likali kuwala

Mvula ikagwa usiku wonse, m'mawa mwake kaoneni ku Heavy Industrial Area. Anthu ochokera ku Kanyama, George ndi Matero amavula nsapato, kupinda mathalauza, n'kuwoloka madzi akuda kuti akafike kuntchito. Ngalande za m'mbali mwa misewu ya Lumumba ndi Mungwi zimakhala zitadzaza mabotolo, mapulasitiki ndi mchenga.

Vutoli si la dzulo. Akuluakulu amakumbukira mmene Kanyama anamirira mu 1978. Dera lathu ndi lathyathyathya, pansi pali mwala, ndipo madzi a pansi ali pafupi, moti mvula ikachuluka zimbudzi zimasefukira n'kulowa m'zitsime.

Chimene chasintha ndi nyengo. Mu Januwale 2024 odwala kolera anagonekedwa mu National Heroes Stadium ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Pa 29 Febuluwale chaka chomwecho, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Mvula masiku ano ilibe pangano: imasowa milungu yambiri, kenako n'kugwa yonse tsiku limodzi.

Ine ndikuti khonsolo ya Lusaka isamayembekeze misonkhano ya kunja kuti ithane ndi kusintha kwa nyengo. Ntchito yake ili m'ngalande. Bombay Drain, yomangidwa ndi ndalama za ku America, inationetsa kuti madzi ukawapatsa njira amapita. Inationetsanso kuti ngalande yosachotsedwa zinyalala imasanduka dzala.

Zoti ndalama kulibe zinali zomveka kale. Mu 2022 thumba la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo ndalamazi zimadzera ku khonsolo. Kalasi yatsopano imaoneka bwino pachithunzi kuposa ngalande, n'zoona. Koma mwana adzafika bwanji m'kalasimo madzi ali m'chiuno?

Khonsolo ichotse zinyalala m'ngalande mu Ogasiti ndi Seputembala, osati mu Disembala. Ileke kulola anthu kumanga panjira ya madzi, chifukwa madzi saiwala khwawa. Eni mafakitale asamalire ngalande za pageti pawo. Ifenso m'makomboni tileke kutayamo zinyalala usiku.

Ward Development Committee ya kwanu ikaitana msonkhano, pitani. Kafunseni akhansala funso limodzi: ngalande yathu idzakumbidwa mwezi uti?