Chikole Chimene Chimagwa Pamodzi ndi Wobwereka

Wobwereketsa ndalama akalandira chikole, mtima wake umakhala m'malo pa chifukwa chimodzi chokha: tsiku limene wobwereka adzalephere kubweza, chikolecho chidzagulitsidwa ndipo ngongole idzatha. Nyumba kapena munda zimagwira bwino ntchito imeneyi chifukwa mtengo wake sugwa kamba koti malonda a mwini wake avuta. Makampani akuluakulu amene amapinyolitsa Bitcoin ndi ndalama zina za pa intaneti kuti atenge madola ayenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo. Kodi chikole chawo chimakhala chikadali ndi mtengo pa tsiku loipalo?

Chimene amabwerekera motere n'chomveka. Amene ali ndi Bitcoin wambiri safuna kumugulitsa, poyembekezera kuti mtengo ukwera, komanso poti kugulitsa kumabweretsa msonkho wa pa phindu. Mu Malichi 2022, kampani ya MicroStrategy ya ku America inabwereka madola 205 miliyoni ku Silvergate Bank, n'kupinyolitsa Bitcoin wa mtengo pafupifupi kanayi kuposa ngongoleyo. Pangano linali lakuti chikole chikatsika mpaka kungokhala kawiri, kampaniyo iwonjezere china, ndipo malirewo anali pamene Bitcoin m'modzi angafike cha m'ma 21,000 madola. Mu Juni chaka chomwecho mtengo unatsikadi kupyola pamenepo, kuchoka pa 69,000 pamene unali mu Novembala 2021. MicroStrategy sinagwedezeke chifukwa inali ndi Bitcoin wina wochuluka amene sanali pa chikole.

Three Arrows Capital, kampani ya ku Singapore ya Su Zhu ndi Kyle Davies, inalibe nkhokwe yotere, ndipo nkhani yake ndi imene ndikuona kuti imaonetsa poyera pamene pali vuto. Inabwereka madola oposa 2 biliyoni ku kampani yobwereketsa ndalama ya Genesis, ndipo gawo lalikulu la chikole chake linali masheya a Grayscale Bitcoin Trust, thumba losunga Bitcoin. Ndalama za pa intaneti za Terra ndi Luna zitagwa mu Meyi 2022, Three Arrows inaluza kwambiri, ndipo m'masabata omwewo mtengo wa chikole chake unatsika. Sizinangochitika mwangozi. Chuma cha wobwereka ndi chikole chake zinali za msika umodzi, choncho chimene chinamufoola ndi chimenenso chinachepetsa zimene wobwereketsa akanapeza pogulitsa. Obwereketsa atayamba kulanda ndi kugulitsa zikole nthawi imodzi, mtengo unatsikiratsikira, ndipo obwereka ena amene poyamba anali bwino anauzidwa kuti awonjezere chikole chimene analibe. Khoti la ku British Virgin Islands linalamula kuti Three Arrows ithetsedwe kumapeto kwa Juni. Voyager, imene inaibwereketsa ndalama zoposa madola 600 miliyoni popanda chikole, inagwa mu Julaye, ndipo Genesis inatsatira mu Januwale 2023.

Ndikuvomereza kuti Bitcoin ali ndi ubwino umene nyumba ilibe. Amagulitsika usana ndi usiku, mtengo wake umadziwika mphindi iliyonse, ndipo wobwereketsa sadikira miyezi kuti khoti limulole kulanda. Koma liwiro lomweli ndi limene limapangitsa kuti onse agulitse pa ola limodzi. N'chifukwa chake sindidabwa kuti komiti ya Basel, imene imakonza miyezo ya mabanki, inagamula kuti banki yosunga ndalama zamtunduwu ikhale ndi chuma chakechake chokwanira kulipira ngati zonsezo zitatayika.

Pali mbali ina imene anthu saiganizira kawirikawiri, yakuti wobwereketsa naye akhoza kukhala wa msika womwewo. Makasitomala aakulu a Silvergate anali makampani a ndalama za pa intaneti. Msika wa ndalamazi wa FTX utagwa mu Novembala 2022, iwo anatapa madola oposa 8 biliyoni m'miyezi itatu yomaliza ya chakacho, ndipo mu Malichi 2023 bankiyo inalengeza kuti ikutseka. MicroStrategy inabweza ngongole yake mwezi womwewo, koma inapereka pafupifupi 161 miliyoni m'malo mwa 205 miliyoni, chifukwa bankiyo inkafuna ndalama mwamsanga ndipo inalola kuluza zotsalazo.