Mbewu za kwa Msakambewa Zigulidwe ndi Ife Eni Dziko

Mlimi wa m'mapiri a kwa Msakambewa m'boma la Dowa, pamodzi ndi mnzake wa ku Ntchisi, salephera kulima. Nyemba, mtedza, soya, mbatatesi ndi chimanga zimatuluka m'minda yawo chaka ndi chaka. Chimene chimamsoŵa ndi wogula wokhulupirika. Kuyambira mu 1971 wogulayo anali ADMARC, imene inafikitsa misika kumidzi. Mu 1987 Boma linalola amalonda wamba kugula mbewu, ndipo bungwelo litafooka, mlimi anatsala m'manja mwa mavenda amene amafika nthaŵi yokolola, mitengo ili pansi, atanyamula sikelo zawozawo.

Chomvetsa chisoni nchakuti m'masitolo akuluakulu a m'mizinda timakondabe kutola chakudya chochokera kunja, chimene dziko limalipira ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene timazifuna pogula feteleza, mafuta ndi mankhwala. Pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense anaona yekha kuŵaŵa kwa kudalira mphika wa eni.

Ena amati mankhwala ake nkutseka malire basi. Tinayesa. Mu March 2025 Boma linaletsa kuloŵetsa zakudya zina, ndipo mu April dziko la Tanzania linabwezera poletsa zokolola zathu, kufikira maboma aŵiriwo anagwirizana zokambirana. Dziko lopanda doko, limene katundu wake amadzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, silingakangane ndi anansi nkupambana. Ndiponso lamulo lokha silipatsa mlimi msika.

Mphamvu yeniyeni ili ndi inu ogwira ntchito m'Boma amene mumagulira chakudya sukulu zogonera konko, zipatala ndi ndende. Thumba la nyemba logulidwa ku kalabu ya alimi limasiya ndalama m'mudzi, ndipo ndalamayo imapita kwa wachigayo, kwa telala, kwa mwini ngolo, isanatuluke m'bomalo. Koma gulani molipira msanga. Mlimi amene wadikira malipiro miyezi itatu, mvula nkugwa alibe mbewu, chaka chamaŵa adzagulitsa kwa venda, ndipo sitingamdzudzule.

Nthaka nayonso imapindula. Mtedza ndi soya zimabwezera chonde m'munda, kotero mlimi akadziŵa kuti zili ndi msika amachita kasinthasintha wa mbewu, feteleza amachepa, ndipo nkhwangwa yootchera makala siiyang'ananso nkhalango ya Ntchisi.

Alimi nawo ali ndi mbali yawo. Mtedza wa Chalimbana unkagulidwa mpaka ku Ulaya, koma chuku ndi chimodzi mwa zimene zinatitayitsa msikawo. Chizoloŵezi chonyoŵetsa mtedza kuti usavute kuswa chiyenera kutha. Atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera, pa misonkhano yanu itanani alangizi a zaulimi afotokoze za kaumitsidwe kabwino, ndipo funsani ngati kalabu ya m'mudzi mwanu ili ndi sikelo yakeyake.