Malire a boma amasuntha, nanga msika ukanikiranji?

Sabata yatha ndinakwera basi pa Intercity kupita kwathu ku Petauke. Titawoloka ulalo wa Luangwa ndi kutsiriza mapiri a Kacholola, tinaima pa Nyimba, pamene azimayi amathamangira mawindo ndi nthochi pamutu. Ambuya ena amene ndinakhala nawo mpando umodzi analoza panja, ati mdzukulu wanga, kale konse kuno kunali Petauke, ukafuna reji unali kuyamba ulendo tambala asanalire.

Sananame ambuyawo. Nyimba inali mbali ya boma la Petauke isanaime payokha. Mu 2012 kunabadwa boma la Sinda, lodulidwa ku Petauke ndi ku Katete. Mu 2018 Lusangazi nayo inachoka ku Petauke. Katatu konse mapu anajambulidwanso, chifukwa zimene anaganiza akuluakulu akale zinaleka kuthandiza anthu atachuluka. Analengeza ndi atsogoleri a dziko, inde, koma ine ndiona kuti ganizolo linayambira m'mapazi mwa anthu ngati ambuya aja. Munthu amene wapalasa njinga tsiku lonse kutsata chidindo chimodzi chabe, safunika digiri kuti adziwe kuti boma lili patali.

Manje chimene chinandiwawa nditafika ndi ichi. Pafupi ndi mudzi wathu pali kamsika ka malata kamene komiti ina inamanga zaka zapitazo. Simenti yabwino, matebulo olimba. Muli mbuzi. Azimayi akali kugulitsa tomato ndi nshawa padzuwa m'mphepete mwa msewu, chifukwa mpamene galimoto zimaima. Ndinafunsa amayi anga aang'ono ngati anawafunsako pomanga. Anaseka chabe, ati ife anatiitana tsiku lotsegulira kuti tikaimbe.

Kulakwitsa malo si mlandu waukulu, tonse timaphonya. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene afuna kuitsegulanso nkhaniyo. Ukaiyamba, yankho ndi lakuti zinapangidwa kale, zili m'buku la komiti. Ena aopa kuchititsa manyazi mkulu amene anasankha malowo, poti ndi apongozi a uje. Ena akuti ndalama zinalowa kale zambiri. Koma ndalamazo zinapita ndithu, kaya tikambe kaya tikhale chete, ndipo mbuzi sizilipira lendi. Funso limene latsala n'lakuti nyumbayo ingagwire ntchito yanji lero. Mnyamata wina wowotcherera zitsulo anandiuza kuti ingakhale mosungira chimanga cha kopaletivu, mayi wina ati sukulu ya mkaka. Maganizo awiri m'mphindi zisanu, ndipo onse awiri sanaitanidwepo ku miting'i.

Mwina mukuti, nanga ife a mu Lusaka zitikhudza bwanji? Zitikhudza m'thumba. Mu 2021 ndalama za CDF zinali K1.6 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse. Mu 2022 zinakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2024 zinapitirira K30 miliyoni. Dongosolo lake ndi lakuti zofuna za anthu ziziyambira ku wadi, kudzera mu Ward Development Committee, kenaka zipite ku komiti ya CDF. Ndiye kuti kamsika kolakwika ka masiku ano kangathe kudya ndalama zochuluka kuposa ka kwathu kaja, ndipo kangamangidwe mu Kanyama kapena mu Mtendere.

Maganizo sitisowa ayi. Kwerani minibasi pa Kulima Tower madzulo mvula itagwa, mudzamva mainjiniya okhaokha. Amayi a salaula adziwa ngalande imene imayamba kutsekeka. Dalaivala adziwa hampu imene inaikidwa pamalo olakwika, ndi pamene ana a sukulu amawolokera zoona. Ngakhale kondakitala, akaleka kulimbana nanu za chenji, angakuuzeni siteshoni imene anthu anaikana. Koma tikangoseluka, zonse zimatsala pampando. Ndivomere, inenso mtolankhani ndakhala mu komboni yanga zaka zinayi, ndipo dzina la wapampando wa komiti ya wadi yathu ndalidziwa mwezi uno.

Kwa makhansala ndi makomiti, pempho langa ndi laling'ono. Pa miting'i iliyonse, musanayambe mndandanda wa zatsopano zoti mumange, tengani chinthu chimodzi chimene munamanga kale, muitane amene anayenera kuchigwiritsa ntchito, muwafunse ngati chiwathandiza. Ndipo musaike miting'i pa 10 koloko Lachiwiri, pamene wamsika ali pa thebulo ndipo dalaivala ali pa msewu kusakira ya abwana.

Ku wadi yathu akuti adzakumana kumapeto kwa mwezi. Ndalemba kale papepala za ngalande ya kuseri kwa tchalitchi, ndipo amayi ogulitsa vitumbuwa pakona avomera kuti tipite tonse, malinga ndiwapezere wowagwirira beseni.